Nyumba Yobwera pa Lole: Ubwino Wake ndi Mavuto Ake

 Madzulo ano tikambirana za nyumba. Tonse tidazoloŵera nyumba imene mmisiri amaiyamba ndi chingwe ndi zikhomo, nayala njerwa imodziimodzi kufikira miyezi itatha. Koma lero tikamba za nyumba ya mtundu wina, imene imabwera pa lole itatha kale.

Tiyeni tipite m'maganizo ku mzinda wa Los Angeles, m'chigawo cha California, ku America. Ndi m'maŵa, ndipo msewu wina watsekedwa. Pafika chilole chachitali chitasenza nyumba yathunthu. Makoma, denga, mazenera ndi zitseko zonse zilipo, ndipo m'kati muli kale bafa ndi makabati a m'khitchini. Pambali paima chimakina chonyamulira katundu wolemera, chimene amachitcha kireni. Amisiri amanga nyumba ija ndi zingwe zolimba. Kenaka ikwera m'mwamba, idutsa pamwamba pa denga la nyumba yakale, nitsikira pang'onopang'ono kuseri, pa maziko amene adaakonzeratu. Pamene dzuŵa likuloŵa, pamalo pamene padali kapinga paima nyumba.

Munthu woona zimenezi angathe kunena kuti vuto la kusoŵa kwa nyumba latha. Komatu tsiku limodzi limeneli ndi mathero a ntchito ya miyezi yambiri. Fakitale ingathe kupanga nyumba, koma singapange malo oiikapo, madzi, chilolezo cha boma, kapena mtendere pakati pa anthu okhala pabwalo limodzi. Pamenepo ndipo pagona nkhani yathu.

Kodi nyumba imeneyi ndi yotani? Ku America amaitcha accessory dwelling unit, kapena mwachidule ADU. Ndi nyumba yaing'ono yoonjezera, yomangidwa pa puloti imene pali kale nyumba ina yaikulu. Ili ndi khomo lakelake, malo ophikira, bafa ndi chimbudzi, kotero kuti wokhalamo sasoŵa kuloŵa m'nyumba yaikulu. Ife tiitcha nyumba yakuseri. Ena amaimanga pompo ndi amisiri, ena amasandutsa garaja kukhala nyumba, koma imene tikunena ife ndi yopangidwa ku fakitale m'zigawo zikuluzikulu, chigawo chimodzi kapena ziŵiri, zimene amadzazilumikiza pamalopo.

Ganizo lokhala ndi nyumba zingapo pabwalo limodzi si lachilendo kwa ife. Kumudzi mnyamata akasinkhuka amamanga gowelo, agogo ali ndi kuka kwawo, ndipo onse amadyera pabwalo limodzi. M'matauni mwathu, nyumba zikuluzikulu zakale zili ndi nyumba za antchito kuseri. Chachilendo n'chakuti maiko olemera, amene adaleka khalidwe limeneli, akulibwerera tsopano, ndipo akulibwerera ndi makina.

Nakonso kupangiratu nyumba kutali ndi malo ake kudayamba kale. Kuyambira mu 1908 kufikira cha m'ma 1940, kampani ya Sears ku America idagulitsa nyumba zoposa 70,000 kwa anthu oitanitsa ndi kalata. Matabwa, misomali, zitseko ndi buku la malangizo zinkabwera pa sitima ya pamtunda, ndipo wogula ankamanga yekha kapena kulemba mmisiri. Ku Britain, kumene mabomba a nkhondo yachiŵiri ya dziko lonse adaononga nyumba zambiri, boma lidapanga lamulo mu 1944, ndipo pakati pa 1945 ndi 1949 nyumba zopangiratu zokwana pafupifupi 156,000 zidaimikidwa. Adati zikhala zaka khumi zokha, koma zina zidakhala ndi anthu kwa zaka zoposa makumi asanu. Ku Australia, m'chigawo cha Victoria, m'zaka za m'ma 1970 boma lidayamba kubwereketsa tinyumba tonyamulika kwa okalamba. Ankakaika kanyumbako kuseri kwa nyumba ya mwana kapena mbale, ndipo ntchito yake ikatha ankakachotsa n'kukapereka kwa wina.

Nanga chifukwa ninji nkhaniyi yakula kwambiri ku California? Chigawo chimenechi chili ndi anthu pafupifupi 39 miliyoni, ndipo kwa zaka zambiri nyumba zomangidwa zidachepa poyerekeza ndi anthu ozifuna. Lendi idakwera kufikira pakuti aphunzitsi ndi anamwino ambiri adalephera kukhala pafupi ndi malo awo a ntchito, ndipo ena osauka adayamba kugona m'magalimoto ndi m'mahema. Chimodzi mwa zifukwa zake chidali lamulo la kagaŵidwe ka malo. Mu Los Angeles, pafupifupi magawo atatu mwa anayi a malo okhalamo anthu adaikidwa kuti puloti imodzi ikhale ndi nyumba imodzi ya banja limodzi basi. Malo adalipo kuseri kwa nyumba, koma lamulo lidawatseka.

Mu 1982 aphungu a chigawocho adapanga lamulo lotsegula njira ya nyumba yachiŵiri pa puloti. Koma mphamvu zambiri zidatsala m'manja mwa makhonsolo a mizinda, ndipo makhonsolo ambiri adaika zopinga: puloti ikhale yaikulu kwambiri, pakhale malo ena oimikapo galimoto, mwini alipire ndalama zochuluka, ndiponso anansi ayambe apereka maganizo awo pa msonkhano. Chotero anthu ochepa okha ndiwo adamanga mwachilolezo, pamene ambiri adamanga mobisa.

Zinthu zidasintha ndi malamulo a 2016, amene adayamba kugwira ntchito mu 2017, ndi ena a 2019, amene adayamba mu 2020. Malamulo ameneŵa adalamula kuti khonsolo iyankhe pempho pasanathe masiku 60, popanda msonkhano wa anansi. Adati khonsolo isakanize nyumba ya masikweya mita 74, ndiye kuti ngati mamita 10 m'litali ndi mamita 7 ndi theka m'lifupi, malinga itasiya mpata wa mita imodzi ndi masentimita 20 kuchokera m'malire a m'mbali ndi akumbuyo. Adachotsanso lamulo la malo a galimoto kwa nyumba zokhala pafupi ndi pokwerera basi kapena sitima. Zotsatira zake zidaoneka msanga. Mu 2016 zilolezo za nyumba zakuseri m'chigawo chonse zidangopitirira pang'ono 1,000. Pofika 2022 zidaposa 20,000 pa chaka, ndiye kuti pafupifupi nyumba imodzi mwa nyumba zisanu zilizonse zololedwa chaka chimenecho idali yakuseri. Tionepo apa, omvera, kuti chimene chidatsegula khomo ndi lamulo. Makina adabwera pambuyo.

Tsono tiyeni tiloŵe m'fakitale. Ntchito imachitikira m'chinyumba chachikulu chofolera. Nyumba imayamba ndi pansi pake, ndipo imasuntha kuchoka pa gulu lina la amisiri kupita pa lina. Aŵa aimika makoma, aŵa aika mapaipi, aŵa ayala nthambo za magetsi, ena apaka utoto. Ku California pulani ya nyumba yotere imavomerezedwa ndi nthambi ya boma la chigawo yoona za nyumba, ndipo oyendera ntchito amaiona ikali m'fakitale, naimata chizindikiro. Khonsolo ya mzinda imatsala ndi ntchito yoona maziko, malire ndi kalumikizidwe ka madzi ndi magetsi.

Ubwino woyamba ndi wa nthaŵi. Pomanga nyumba mwa masiku onse, khoma limadikira maziko, denga limadikira khoma. Koma apa ntchito ziŵiri zimayendera limodzi: pamene ena akukumba maziko pa puloti, nyumba ikupangidwa ku fakitale. Mvula siimitsa ntchito, ndipo matabwa sanyoŵa.

Wachiŵiri ndi wa zipangizo. Chidutswa cha thabwa chotsala pa nyumba iyi chimakagwira ntchito pa nyumba inzake, ndipo katundu sagona pabwalo pamene angabedwe kapena kuonongeka. Aliyense amene adamangitsapo nyumba akudziŵa m'mene matumba a simenti amatherera mosadziŵika bwino. Ndiponso nyumba imene iyenda ulendo wautali pa msewu ndi kulendeŵera m'mwamba iyenera kumangidwa molimba kuti isang'aluke.

Wachitatu ndi bata la pakhomo. Banja limene likukhala m'nyumba yaikulu silivutika ndi phokoso, fumbi ndi alendo oyenda pabwalo kwa chaka chathunthu. Mtengo wa nyumba yeniyeniyo umadziŵikanso poyamba pomwe, popeza mwini amasankha pa mapulani okonzeratu.

Wachinayi ndi wa mzinda wonse. Nyumba yakuseri siifuna kugula malo atsopano, kapena kulambula msewu watsopano, kapena kudula nkhalango. Imaloŵa pamene pali kale sukulu, chipatala ndi msika.

Koma ubwino woposa onse ndi wa banja. Mai wokalamba angathe kukhala pafupi ndi ana ake, ali ndi khomo lake ndi ulemu wake. Mwana amene wayamba kumene ntchito angathe kukhala payekha popanda kulipira lendi yomusaukitsa. Wopuma pa ntchito angathe kuika munthu wa lendi, kapena kusamukira yekha m'nyumba yaing'ono n'kuchititsa lendi yaikuluyo. Kafukufuku wa pa yunivesite ya California ku Berkeley, wofalitsidwa mu 2021, adapeza kuti pafupifupi theka la nyumba zatsopano zakuseri zinkachititsidwa lendi, ndipo zina zambiri zinkasunga achibale mwaulere.

Komatu akuluakulu adati walira mvula walira matope. Tiyeni tione matopewo.

Vuto loyamba ndi njira. Ku America katundu wa pa lole wopitirira mamita 2.6 m'lifupi amafuna chilolezo chapadera, ndipo zigawo za nyumba kaŵirikaŵiri zimaposa pamenepo. Tsono pafunika kusankha misewu yopanda milatho yotsika ndi ngodya zopanikiza, nthaŵi zina ndi galimoto zoperekeza. Lole ikafika, kireni ifuna malo olimba oimapo. Nthambo za magetsi zodutsa m'mwamba, mtengo waukulu wa mnansi, kapena puloti ya pa chitunda, chimodzi mwa zimenezi n'chokwanira kulepheretsa ntchito yonse. Eni nyumba ambiri amauzidwa pa ulendo woyamba wa woyeza malo kuti kwawo nyumba yotere singafike.

Lachiŵiri ndi nthaka. Mmisiri womanga pompo akapeza kuti maziko apendekeka pang'ono, amakonza pamene akukweza khoma. Nyumba ya ku fakitale sidziŵa kupepesa. Idadulidwa kale pa muyeso wake, ndipo maziko akaphonya ngakhale pang'ono, zitseko sizitsekeka ndipo mapaipi sakumana. Ku California, kumene kumachitika zivomezi, nyumba iyeneranso kumangiriridwa ku maziko ndi zitsulo. Pa nthaka yofeŵa kapena yotsetsereka, mtengo wa maziko umakwera kwambiri.

Lachitatu ndi madzi, zonyansa ndi magetsi. Paipi yochotsa zonyansa imafuna kutsetsereka. Ngati kuseri kuli kotsika kuposa msewu, pafunika pampu. Ngalande ya mapaipi iyenera kukumbidwa kuchokera kuseri mpaka kutsogolo, nthaŵi zina kuswa simenti ya pabwalo. Bokosi la magetsi la nyumba yakale lingathe kuchepa mphamvu, ndipo kulisintha kumadikira kampani ya magetsi. Zonsezi sizioneka pa chithunzi chokongola cha wogulitsa. Paja chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Lachinayi ndi ndalama. Kafukufuku wa ku Berkeley uja adapeza kuti mtengo wapakatikati womangira nyumba yakuseri udali madola 150,000, kuphatikizapo zija zongosandutsa garaja, zimene zimatsikirapo mtengo. Nyumba ya ku fakitale si kuti nthaŵi zonse imatsika mtengo kuposa yomanga pompo, pakuti zimene mwapulumutsa m'fakitale zingathe kuthera pa lole, pa kireni ndi pa maziko. Palinso mfundo ina yovuta. Fakitale imafuna gawo lalikulu la ndalama nyumba isanatuluke pa chipata, pamene banki idazoloŵera kupereka ngongole pang'onopang'ono poona chimene chaima pa nthaka. Mu 2021 boma la chigawocho lidayamba kuthandiza mabanja ena ndi ndalama, zimene pambuyo pake zidafika madola 40,000 pa banja, koma opempha adachuluka ndipo thumbalo lidatha. Chotero amene amayamba kupindula ndi amene ali nazo kale: mwini puloti, amenenso banki imamkhulupirira.

Lachisanu ndi kugwa kwa makampani. Fakitale imadya ndalama tsiku lililonse, kaya pali ogula kaya palibe. Kampani yaikulu ya Katerra, imene idalonjeza kusintha mamangidwe onse, idagwa mu 2021. Ina yotchedwa Veev, imene idapangako nyumba zakuseri, idatseka chakumapeto kwa 2023. Mmisiri wa pamudzi akakuthaŵani, khoma limene adamanga limatsala pa puloti yanu, ndipo wina adzapitiriza. Koma fakitale ikatsekedwa nyumba yanu ili m'kati, mungathe kutsala ndi lisiti lokha m'manja.

Lachisanu ndi chimodzi ndi anthu. Anansi amadandaula kuti zenera latsopano likuyang'ana pabwalo pawo, kuti magalimoto achuluka mu msewu, kuti mitengo yadulidwa. Ena amamanga nyumba yakuseri kuti azigonekamo alendo odzacheza kwa masiku oŵerengeka, zimene sizithandiza wosoŵa pokhala. Mzinda wa Portland, m'chigawo cha Oregon, udachotsa ndalama zina zolipira pomanga nyumba zotere mu 2010, koma mu 2018 udaonjezera mfundo yakuti wofuna kukhululukidwa ndalamazo alonjeze kuti kwa zaka khumi sadzaisandutsa nyumba yogona alendo. Palinso funso la umwini. Kwa nthaŵi yaitali nyumba yakuseri sinkagulitsidwa payokha. Lamulo la 2023 lidalola mizinda ya California kuvomereza zimenezi ngati ifuna, ndipo mzinda wa San Jose ndiwo udayamba mu 2024.

Mwina wina akufunsa kuti, nanga ife za ku America zitikhudza bwanji? Zitikhudza ndithu. Abale athu ambiri amene ali pa ntchito ku Johannesburg ndi ku Cape Town amakhala m'zipinda zakuseri kwa nyumba za eni dziko, ena m'tinyumba tamatabwa togula topangiratu. Iwo angatiuze bwino za kuzizira kwa mwezi wa June m'kanyumba ka thabwa limodzi, za mpopi umodzi wa mabanja asanu, ndi za mantha a moto pamene nyumba zathithikana. Kuno kwathu, ku Ndirande, ku Bangwe, ku Kawale kapena ku Chinsapo, puloti yokhala ndi nyumba imodzi yokha njosoŵa. Eni mapuloti adayamba kale kumanga zipinda za lendi kuseri, ndipo ndi m'zipinda zimenezi m'mene mumakhala anthu ambiri a m'tauni.

N'zoona kuti chilole chosenza nyumba sichingaloŵe m'tinjira ta m'madera ameneŵa. Koma nzeru yopangiratu tili nayo kale pang'ono. Mafelemu a zitseko ndi mazenera timagula kwa owotcherera m'mbali mwa msewu. Njerwa za simenti zimaumbidwa pamalo amodzi pa muyeso umodzi, ndipo sizitha mitengo monga zimachitira njerwa zootcha. Zigawo zonyamulika pa ngolo kapena pa galimoto yaing'ono ndizo zingatiyenere ife kuposa nyumba yathunthu ya m'mwamba.

Chimene tingaphunzire kwenikweni ndi chakuti mbali yovuta ya nyumba yakuseri ili pansi ndi pa pepala. Chimbudzi chimodzi chimene chidakumbidwira banja limodzi sichingasunge mabanja anayi, ndipo chikayandikana ndi chitsime chimaitana kolera. Denga lililonse latsopano limathira madzi a mvula pabwalo, ndipo madziwo akasoŵa ngalande amakaloŵa kwa mnansi wa kumunsi. Namondwe wa Freddy, mu March 2023, adationetsa ku Chilobwe ndi madera ena a m'mphepete mwa phiri la Soche zimene madzi ndi matope zimachita kwa nyumba zomangidwa pa malo otsetsereka. Ndipo mwana amene wamanga ndi ndalama zake pa puloti ya makolo ayenera kukhala pansi ndi abale ake onse, nalemba chimene agwirizana, makolo akali moyo. Milandu yambiri ya chuma cha masiye imayambira pa nyumba yakuseri imene aliyense ankaiyesa yake.

Tsono inu bambo kapena mai amene mukulingalira zoonjezera nyumba pa puloti yanu, kaya yomanga pompo kaya yogula yopangiratu, yambani mwadzifunsa mafunso aŵa. Kodi malo ndi anga mwalamulo, ndipo khonsolo yavomereza pulani? Kodi katundu adzafika bwanji kuseriko? Kodi madzi akumwa adzachokera kuti, ndipo oipa adzapita kuti? Kodi mtengo umene ndauzidwa ukuphatikiza maziko, mapaipi ndi mayendedwe? Kodi ndikalipira ndalama ntchito isanaoneke, ndidzagwira chiyani wogulitsayo akasoŵa? Ndipo potsiriza, adzakhalamo ndani, kwa nthaŵi yotani, pa mgwirizano wotani? Safunsa adadya phula.

Nyumba yobwera pa lole yathandiza mabanja ambiri kusunga okalamba awo pafupi ndi kupeza ndalama ya mwezi ndi mwezi. Yakhumudwitsanso ena amene adayamba ndi kusirira chithunzi asanayeze bwalo lawo. Kusiyana kwa magulu aŵiriŵa kudachitika lole isananyamuke.